Funsani Amalume: Sipuleya ndagula, nanga mapepala ake ndi ati?

Mwezi uno foni yanga yadzaza ndi mphemvu ndi nsikidzi, kaya nkutentha kwayambaku kaya nchiyani, koma mauthenga ambiri omwe mwatumiza pa WhatsApp ndi a anyamata omwe aganiza zoyamba geni yopopera mankhwala mmanyumba, komanso a anthu omwe anapoperedwa nkukhumudwa. Ndasankha ochepa, ndipo ena ndawadula chifukwa ena a inu mukamalemba mumayambira tsiku lomwe munabadwa.

Amalume, ine ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Chibavi konkuno. Nditamaliza fomu 4 ndinasowa chochita nde ndinkayenda ndi bambo ena ake opopera mankhwala ngati waganyu, ine wonyamula chigubu iwo olandira ndalama. Chaka chatha ndinagula sipuleya yanga ya malita 16 nkuyamba ndekha, ndimapopera mahosteli a ana asukulu ku Luwinga uku, manyumba ndi timalesitilanti, dola ikupezeka sindinama. Vuto labwera pano, loji ina yaikulu ndithu inandiitana, titagwirizana mtengo amanejala anati bweretsa mapepala ako, ine kukamwa yasa. Mnzanga akuti ndikangodula laisensi ya kukhonsolo basi zatheka. Zoona zimenezi? Ndiyambire pati?
Mnyamata wa sipuleya, Chibavi

Mphwanga, mnzakoyo sananame koma wakuuza theka, ndipo theka lomwe wasiyalo ndi lomwe amanejala aja amafuna kuona. Laisensi ya ku Mzuzu City Council imakulola kuchita bizinesi pamalo akutiakuti mumzinda muno, yomweyo amadula wa saluni, wa butchala ndi wokonza mafoni. Siikulola kulowetsa poizoni kuchipinda komwe kukugona mwana wa eni ake. Chilolezo chimenecho chimachoka kwina, ku Pesticides Control Board, ambiri amangoti PCB, bungwe la boma lomwe lili pansi pa unduna wa zamalimidwe ndipo likulu lake lili ku Bvumbwe ku Thyolo. Linabwera ndi lamulo la Pesticides Act la mchaka cha 2000, lomwe analikonzanso mu 2018, ndipo lamulo limeneli likuti munthu wopopera mankhwala ophera tizilombo molipitsa akhale ndi laisensi yake yapadera, pachingerezi amati ya commercial applicator. Ukamapopera mnyumba mwako mowekha palibe akufunse, koma tsiku lomwe walandira ndalama kwa munthu wina, olo ikhale ya sopo, walowa mgulu limeneli basi.

Nde ukuti uyambire pati. Anthu ambiri amayambira kumene kuli kosavuta nkumalizira ku PCB, ine ndimati yambira kukafunsa ku PCB komweko usanawononge ndalama ina iliyonse. Osati kukadula laisensi tsiku lomwelo ayi, kukafunsa chabe, utenge mafomu, umve zomwe akufuna ndi mtengo wa chaka chimenecho poti mitengo ya boma siikhala pamodzi. Ngati sukudziwa powapeza kumpoto kuno, lowa ku Lunyangwa kumalo a kafukufuku wa zaulimi kuja kapena ku maofesi a zaulimi a Mzuzu ADD, akulozera. Ndikunena izi chifukwa ndinaonapo mnyamata wina, wakhama ngati iwe, atalipira lendi ya miyezi itatu pa kachipinda kabwino zedi, penti watsopano, chikwangwani chilipo, koma kachipindako kanagundizana ndi chigayo, khoma lake losafika ndi kudenga komwe. Ufa uko, mankhwala uku. Anachita kusamuka, lendi ija inapita, penti anapindula naye ndi alandilodi.

Chomwe akufuna kuona a PCB kwenikweni ndi zinthu ziwiri, mutu wako ndi malo ako. Pa mutupo akufuna adziwe ngati ukudziwa zomwe wanyamula kumsanako. Kuyenda ndi bambo aja ndi sukulu ndithu sindikunyoza, koma ndi sukulu yomwe imaphunzitsanso zolakwika, monga kuyeza mankhwala ndi chitsekerero cha botolo kapena kuonjezera dala kuti kasitomala amve fungo akhutire. Yembekezera kufunsidwa za maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala, ndipo ukamva kuti kuli maphunziro otere pita, satifiketi yake usunge ngati ya MSCE. Uzitha kuwerenga lebulo yonse, osati dzina lokha: muli mankhwala anji, mamililita angati pa lita imodzi ya madzi, anthu alowenso pakatha maola angati, munthu akamwa mwangozi achite chiyani. Ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri amagwa, mankhwala aliwonse amalembetsedwa ku PCB pa ntchito yake. A thonje ndi a thonje, a tomato ndi a tomato, a dibi ya ng'ombe ndi a ng'ombe. Kutenga mankhwala akumunda nkukathira pa matilesi chifukwa ndi otchipa ndipo mphemvu zimagwa pompo, kumeneko nkuphwanya lamulo olo utakhala ndi laisensi mthumba.

Pa malopo ndi sitolo yosungira. Pansi pa bedi si sitolo, kukhitchini kwa amayi ako si sitolo. Chikhale chipinda chapachokha chokiyidwa, cholowa mphepo, pansi pa simenti, denga losadontha poti mvula ya Mzuzu uno ukuidziwa siifunsa kalendala, kutali ndi zakudya ndi ana. Pakhomo chikwangwani chochenjeza, mkati ndowa ya mchenga kapena utuchi wothira pamene patayikira mankhwala, utuchitu kuno sitigula, matabwa a ku Chikangawa amatisiyira wambirimbiri, chozimitsira moto, madzi ndi sopo pafupi. Kenako zovala: ovolosi, majombo, magolovesi a labala osati a nsalu, magalasi otchinga maso, ndi masiki yeniyeni yokhala ndi zosefera mmbalimu. Timamasiki ta nsalu tija tinatsala nthawi ya Covid sititchinga kanthu apa, kakanyowa ndi mankhwala ndiye kakukupumitsa omwewo tsiku lonse. Ukhalenso ndi buku, hadikava wamba, lolemba tsiku, nyumba ya ndani, mankhwala anji, muyeso wanji. Buku limeneli limaoneka ngati zachibwana mpaka tsiku lomwe mphaka wa kasitomala wafa kapena mwana wadwala nkumaloza iwe.

Uku ukukonza zimenezi, mapepala enawo uziyendetsa. Lembetsa dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, masiku ano zimatheka pa intaneti, umangofunika chitupa chako cha unzika ndi maina angapo osankhiratu poti lomwe walikondalo mwina wina analitenga kale, ndipo chonde ganiza dzina lako, osangotengera la kampani ya ku Lilongwe nkusintha chilembo chimodzi. Panopa dzina la bizinesi ya munthu mmodzi likukwanira, za kampani ya limited zija pansi pa Companies Act ya 2013 udzaziona ukadzakula kapena ukadzapeza mnzako woika naye ndalama. Satifiketi ikatuluka pita ku MRA ukatenge TPIN, nambala yako ya msonkho. Anyamata amaiopa nambala imeneyi ngati ndi samani ya kukhoti, koma popanda iyo loji ngati imene ija singakulipire, iwowa amafuna invoisi ya dzina la bizinesi, amalipira kudzera ku banki, ndipo amadulapo withholding tax, msonkho wodulidwiratu pa malipiro, nkukupatsa pepala losonyeza kuti adula, pepalalo osakulungira mandasi, limakuthandiza powerengera msonkho wako. Nde tsegulanso akaunti ya bizinesi. Ndiye pobwera khonsolo, ndi malo ako aja okonzeka, laisensi ya mnzako ija.

Uona kuti maofesiwa amafunsana mapepala, uku akuti tione satifiketi, uko akuti tione TPIN, nde fotokope zambiri mu fayilo imodzi, osamayenda ndi pepala lopinda kanayi mthumba la jinzi. Ndipo malaisensi amatha, si chitupa cha ubatizo, onetsetsa deti lake nkukonzanso nthawi isanakwane. Wina akakuuza kuti ndipatse kangachepe ndikutulutsira laisensi ya PCB mawa osaona ndi sitolo yomwe, thawa, lipira ku ofesi ndi kutenga lisiti.

Kwa amanejala aja bwerera ukawauze zoona, kuti mapepala ali mnjira. Osabwereka satifiketi ya bambo unkayenda nawo aja nkufufuta dzina, mahotela amaimba foni kufunsa.

Amalume, ndili ndi shopu ya mbewu, feteleza ndi mankhwala akumunda ku Mchengautuwa, laisensi ya PCB ndili nayo ndipo ili pakhoma. Makasitomala amandifunsa ngati ndili ndi munthu wopopera. Ndingamamutume mnyamata wanga wa mushopu?
Mayi wa shopu, Mchengautuwa

Mayi, tayang'anani bwino pepala lili pakhomalo, mupeza kuti likunena zogulitsa ndi kusunga. Kupopera molipitsa ndi laisensi ina, bungwe lake lomwelo koma fomu ina. Inu muli pabwino kuposa mphwanga wa ku Chibavi uja poti akudziwani kale, sitolo muli nayo, TPIN muli nayo, nde ingopitani mukaonjezere. Koma mnyamatayo aphunzire kaye, kudziwa mtengo wa botolo si kudziwa kulisungunula. Panopa ngati simukufuna kutaya makasitomala, gwirizanani ndi munthu yemwe ali kale ndi laisensi, inu muzimupezera ntchito iye azigula mankhwala kwa inu.

Amalume moni. Ine ndimagula chimanga ku Mzimba ndi ku Rumphi nthawi yokolola nkusunga kuti ndidzagulitse Januwale. Chaka chino ndili ndi matumba 80 mchipinda china cha nyumba yomwe timagona ku Zolozolo. Anankafumbwe ayamba kulira usiku, mumamva ndithu. Mnyamata wina akuti ali ndi mapilisi oika mmatumba, akuti tsiku limodzi zonse zafa ndipo akutchipitsa. Akuti laisensi ndi ya makampani akuluakulu, iye safunika. Ndimulole?
Bambo wa chimanga, Zolozolo

Bambo, ayi. Mwa makalata onse a mwezi uno iyi ndi yomwe ndinayankha pa foni usiku womwewo osadikira magazini, ndipo ndikuibwereza pano chifukwa muli ambiri. Mapilisi amenewo ndi aluminium phosphide, ena amawadziwa ndi dzina loti Phostoxin. Pilisi likakumana ndi chinyontho cha mumpweya limatulutsa gasi wotchedwa phosphine, kapilisi ka magalamu 3 kamatulutsa galamu imodzi ya gasiyu, ndipo iyeyu sasankha kuti uyu ndi nankafumbwe uyu ndi mwana wa abwana. Amadutsa mming'alu, pansi pa chitseko, pamwamba pa khoma, nanji nyumba zathu zopanda siling'izi. Nthawi zina amanunkha ngati adyo kapena nsomba yoola koma osadalira mphuno, munthu ali mtulo sanunkhiza. Ndipo alibe mankhwala omuthetsa mthupi, kuchipatala amangothandiza thupi kuti lilimbe lokha ngati lingathe. Ana ndi omwe amayamba kugonja.

Nchifukwa chake mankhwala awa sali mgulu loti aliyense angotola, ndi a anthu ophunzitsidwa komanso ololedwa ndi PCB, ndipo ngakhale iwowo sawaika mnyumba yogona anthu. Amagwira ntchito mmagodauni, monga momwe amachitira ndi chimanga chambiri kapena mabelo a fodya, mulu wonse amaufunditsa ndi chipepala chapadera chosatulutsa mpweya, mmbali nkutsindira ndi timatumba ta mchenga, zikwangwani, loko, nkusiya masiku osachepera 5 mpaka 7, kukazizira ngati June wa kuno masiku amaonjezereka poti gasi amatuluka pang'onopang'ono. Ndiye mwaona kuti mnyamata wanuyo wanama kawiri, za laisensi komanso za tsiku limodzi. Tsiku limodzi mthumba wamba la saka gasi amangothawira kuchipinda kwanu, anankafumbwe akuluakulu ena afa inde, koma mazira ndi mphutsi zili mkati mwa njere zikhala bwinobwino, pakatha mwezi nyimbo ija yayambiranso.

Chochita chilipo. Matumba 80 si ochepa, ngati mukufuna za gasi pezani godauni yapayokha muitane kampani yoonetsa laisensi. Apo ayi tulutsani chimangacho, muchipete, muchiyanike, muthire mankhwala a ufa olembetsedwa monga Actellic motsata muyeso wa pa paketi, kapena gulani matumba a PICS aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati, omwe amapha tizilombo pongotimana mpweya popanda mankhwala. Koma chiume kaye, kuno chimanga chimavuta kuuma. Yesani chonchi, tengani botolo la galasi louma, ikani mchere wouma ndi njere zingapo, khutchumulani nkudikira pang'ono, mchere ukamata mmbali mwa botolo ndiye kuti sichinaume, bwererani padzuwa.

Amalume ndakwiya. Ndili ndi nyumba za lendi ku Katoto, alendi anadandaula nsikidzi, ndinaitana opopera, analipidwa zonse, patangotha sabata ndi theka nsikidzi zabweranso ngati zinangopita kutchuthi. Foni sakuyankha. Kodi munthu ungadziwe bwanji kuti awa ndi enieni awa ndi akuba?
Alandilodi, Katoto

Pepani mayi, komabe ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo pang'ono, pang'ono pokha. Nsikidzi kubwerera pakatha masiku khumi si umboni woti anapopera madzi. Mazira a nsikidzi mankhwala ambiri sawapha, ndipo amaswa pakatha masiku pafupifupi 6 mpaka 10, nde zomwe mukuona mwina ndi ana a zomwe zinafa zija. Wodziwa ntchito amanena izi asanayambe, ndipo mtengo wake umakhala wa maulendo awiri, wachiwiri pakatha masabata awiri. Kulakwa kwawo ndi kumeneko, sanakuuzeni, anatenga zonse nkuzimitsa foni. Palinso china, nsikidzi za masiku ano zambiri zinazolowera mankhwala ena omwe agwiritsidwa ntchito zaka ndi zaka, munthu wodziwa amasintha mtundu wa mankhwala, wosadziwa amangoonjezera muyeso mpaka alendi kutsokomola.

Ulendo wina asanatsitse sipuleya pa kabaza mufunseni laisensi ya PCB, muone dzina ngati likugwirizana ndi munthuyo kapena kampani yake, muone deti ngati siinathe, muijambule pa foni. Wa chilungamo sakwiya nazo, amanyadira kumene poti anaivutikira. Kenako muone botolo. Likhale la kufakitale ndi lebulo yake yowerengeka, osati mankhwala obwera atasungunula kale mu botolo la Sobo kapena kachigubu ka mafuta ophikira ati ndi chinsinsi cha kampani, chinsinsi chanji cholowa mnyumba mwanu. Lebulonso ijambuleni, wina akadwala adokotala adzafuna dzina limenelo. Mverani mafunso ake, kodi muli mwana wakhanda, mayi woyembekezera, wa asima, nkhuku, mphaka, kodi ziwiya ndi ufa mwatulutsa. Amene safunsa zimenezi nkungoyamba kupopa, mubwezeni pageti. Ndipo munthu wobwera atavala malaya a Bullets ndi masilipasi, ngati sakusamala chifuwa chake chomwe angasamale cha alendi anu?

Lipirani theka, theka linalo pa ulendo wachiwiri, zilembedwe pa kotesheni. Nanunso alendi achite mbali yawo, zofunda ndi makatani zichapidwe ndi madzi otentha kwambiri, matilesi padzuwa, mabedi amasulidwe poti nsikidzi zimabisala molumikizira matabwa, mmisoko ya matilesi, kuseri kwa zithunzi ndi mming'alu ya khoma. Ndipo nyumba zogundizana zipoperedwe tsiku limodzi, mukapopera nambala 1 yokha zimangosamukira ku nambala 2 osalipira ndi lendi yomwe kkkk.

Amalume, ndimapita ku Kyela pafupipafupi kukaoda katundu. Mankhwala a mphemvu ndi makoswe kumeneko ngotchipa. Ndikufuna ndizibweretsa makatoni angapo ndizigulitsa kwa opopera. Pa Songwe ndikalipira msonkho zatha eti?
Wamaoda, Chiputula

Achimwene, msonkho ndi wa MRA, iwo amawerenga ndalama. Chilolezo cholowetsa mankhwala ophera tizilombo mdziko ndi cha PCB ndipo chimatengedwa katundu asanafike pa boda, osati mukafika pa Songwe nkumayamba kuimba mafoni. Komanso mankhwalawo akhale oti analembetsedwa ku Malawi kuno, kuloledwa ku Tanzania si kuloledwa kuno, dziko lililonse lili ndi kaundula wake. Pamwamba pa apo mufunikanso laisensi yogulitsa ndi kusunga ngati ya mayi a ku Mchengautuwa aja. Mukazembetsa pansi pa mabelo a zitenje, tsiku lomwe oyendera adzakupezani katundu amalanda ndipo nkhani imatha kukafika kukhoti, phindu la maulendo khumi kuthera pamenepo. Taganizaninso lebulo ya Chiswahili chokhachokha, mnyamata wa ku Masasa aiwerenga bwanji muyeso wake? Ndi momwe tinafikira pa timapepala ta tameki tomangidwa ngati mchere tija, topanda dzina topanda chenjezo, tomwe tavulaza anthu ndi agalu ambiri.

Amalume, ndinalemba anyamata atatu, mapepala anga onse ali bwino. Akamaliza kupopera ndimawagulira mkaka kuti utsuke mankhwala mthupi. Mmodzi akumadandaula mutu ndi chizungulire. Ndionjezere mkaka?
Bwana wamng'ono, Area 1B

Achimwene, mkaka ndi chakudya chabwino apatseni ndithu, koma sutsuka poizoni, bodza limeneli lakhalitsa ndipo lagonetsa anthu kunyumba nthawi yomwe amafunika kukhala kuchipatala. Mnyamatayo asiye kaye kupopera ndipo mupite naye ku chipatala lero, mutatenga lebulo kapena chithunzi cha mankhwala omwe mumagwiritsa ntchito. Mankhwala a gulu la organophosphate amalowa ndi pakhungu pomwe, osati pakamwa pokha, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezo, mutu, chizungulire, kenako thukuta, malovu ambiri, kusanza, kutsegula mmimba, kuona mwachimbuuzi, kubanika. Zikafika apo musamumwetse kanthu, musamusanzitse, muvuleni zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo, thamangirani ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi.

Ndipo mukati mapepala onse ali bwino, a anyamatawo mwawerengera? Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa zovala zodzitetezera pa inu olemba ntchito, osati kumudula pa malipiro, ndipo wantchito akavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito pali Workers' Compensation Act ya 2000 yomwe ikuyang'ana inu. Lowani ku ofesi ya leba akuuzeni zoyenera kulembetsa. Mwana wosakwana zaka 18 asagwire sipuleya, olo akhale mphwanu wofuna ya fizi. Taonaninso masipuleya anuwo ngati sakudontha kumsana, nthawi zambiri mutu umayambira pamenepo, ovolosi yonyowa tsiku lonse. Ovolosi ichapidwe payokha osati pamodzi ndi matewera. Zigubu zotha zitsukuluzeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya momwemo, kenako zibooleni kuti wina asakatungire madzi kapena kugulitsira mafuta, ndipo zotsala musataye mngalande, madzi a mumzinda uno amathera mmadambo momwe anthu akulima masamba ndi kuchapa, ndipo tonse timamwa a mu Lunyangwa.

Amalume, laisensi ya PCB ndili nayo, ya khonsolo ndili nayo. Ndimaona mu nyuzi masukulu ogonera ndi zipatala za boma akufuna opopera. Ndingalowe bwanji?
Wofuna tenda, Chibanja

Mwafika pabwino achimwene. Ntchito za boma zimafuna kuti mulembetse ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, komanso mukhale ndi tax clearance ya ku MRA yosatha, ndiye kuti misonkho yanu ikhale yoyenda bwino, apa ndi pamene buku lija ndi malisiti zimabweza ngongole. Sonkhanitsaninso makalata okuyamikirani kuchokera komwe munagwirako, olo ikhale loji yaing'ono ya ku Nkhata Bay. Werengani chikalata cha tenda mzere ndi mzere, ambiri amagwa chifukwa cha fotokope imodzi yosowa osati mtengo. Koma walira mvula walira matope, hosteli ya mabedi mazana imadya mankhwala ambiri omwe mugule ndi ndalama zanu, ndipo cheke sichibwera tsiku lomwe mwatsuka sipuleya, nde musalowe ndi ndalama ya katapila.

Amalume, njuchi zamanga mu siling'i ya nyumba yanga ku Katawa, zatha miyezi inayi. Opopera wina akuti azithira mankhwala zonse zife. Pamafunikanso chilolezo?
Agogo, Katawa

Agogo, wopoperayo laisensi yake ndi yomweyija ya PCB, mufunseni. Koma ine ndikanakonda musaziphe. Mukazithira mankhwala zisa ndi uchi zimatsala mmwambamo, uchi wa poizoni uyamba kudontha pa siling'i, nyerere ndi mphemvu zibwera, adzukulu aulawa, ndipo fungo la phula lidzaitana njuchi zina chaka chamawa. Kumpoto kuno alimi a njuchi ndi ambiri, funsani alangizi a zankhalango kapena ogulitsa uchi mumsika akupezerani munthu, amabwera madzulo ndi utsi ndi mng'oma wake, amachotsa zisa nkusamutsa gulu lonse ndi mfumukazi yake. Akamaliza mutseke bowo lomwe zimalowera ndi simenti kapena sefa wa waya, tsiku limenelo adzukulu ndi mbuzi zikhale kutali. Uchiwo mundisungireko botolo limodzi, ndidutsa Loweruka.